Kachipangizo Pamutu pa Katumbu wa M'nyanja: Nkhanza Kapena Ukapitawo?

Ukaona koyamba chithunzi chake, mtima umakuwawa. Nyama yonenepa yamaso aakulu yagona pa madzi oundana, pamutu pake atamatapo kachipangizo kokhala ndi mlongoti waung'ono. Nyamayi m'Chingerezi amaitcha seal. Ife tingoti katumbu wa m'nyanja. Mnzanga wina ataona chithunzichi anati asayansi asowa chochita, ndipo akuzunza cholengedwa cha Mulungu. Ine ndikuona mosiyana, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Tiyambe ndi ntchito ya kachipangizoka. Ambiri mwa tizipangizo totere amapangidwa ndi gulu la Sea Mammal Research Unit la pa yunivesite ya St Andrews ku Scotland. Ofufuza amagwira nyamayo, kuibaya mankhwala oigonetsa, kuiyeza, kenako kumata kachipangizoka pa ubweya wa kumutu ndi guluu. Kamalemera pafupifupi theka la kilogalamu. Nyamayo ikamira, kamalemba kuya kwa madzi, kuzizira kwake ndiponso kuchuluka kwa mchere. Ikatumphuka kudzapuma, uthengawo umapita ku setilaiti za Argos n'kukafika pa kompyuta za ofufuza. Pa nyengo yoyoyola ubweya, imene imabwera chaka ndi chaka, kachipangizoka kamagwa kokha.

N'chifukwa chiyani satumiza sitima? M'nyengo yozizira nyanja za kumpoto zimakutidwa ndi madzi oundana, kukuchita mdima miyezi ingapo, ndipo sitima imadya ndalama zambiri tsiku lililonse. Koma akatumbuwa ndi kwawo komweko. Mtundu wina wotchedwa hooded seal, wopezeka pakati pa Canada, Greenland ndi Norway, umatha kumira kupitirira mamita 1,000. Poona zimenezi, m'zaka za 2007 ndi 2008 mayiko angapo anagwirizana pa ntchito yotchedwa MEOP, yosonkhanitsa pamodzi zimene nyama zotere zikuyeza kumpoto ndi kummwera kwa dziko.

Kafukufukuyu amathandizanso nyama zenizenizo. Mwana wa hooded seal amabadwira pa madzi oundana, ndipo amayamwa masiku pafupifupi 4 okha. Palibe nyama ina yoyamwitsa imene imaletsa mwana kuyamwa msanga chotere. Mkaka wa mayi wake ndi wamafuta kwambiri moti mwanayo amanenepa makilogalamu pafupifupi 7 patsiku. Pamene wagonapo pakasweka masikuwo asanakwane, moyo wake uli pachiswe. Mtundu wina, ringed seal, umabisa ana ake m'timapanga ta chipale chofewa, ndipo chipalecho chikachepa anawo amakhala pambalambanda, zimbalangondo zoyera n'kumangotola. Chigawo cha Arctic chakhala chikutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse kuyambira 1979. Chiwerengero cha hooded seal pafupi ndi chilumba cha Jan Mayen chinatsika kwambiri moti kusaka nyamazi pofuna malonda kunaimitsidwa kumeneko mu 2007. Ungateteze bwanji nyama imene sudziwa kumene imadya, kumene imaswana ndi njira imene imadutsa?

Komabe mnzanga uja sanalakwe zonse. Kugwidwa kumaopsa nyama, mankhwala ogonetsa ali ndi ngozi zake, ndipo chinthu chomatidwa pamutu chimailemetsa posambira. Buku la Miyambo 12:10 limaphunzitsa kuti munthu wolungama amalabadira moyo wa chiweto chake. Choncho mafunso ayenera kufunsidwa nthawi zonse: kodi nyama zogwidwazo n'zochepa mmene zingathekere? Kodi kachipangizoka sikangachepetsedwe? Kodi zotsatira zake zikufika kwa onse, kapena zangotsekeredwa m'kabati? Wofufuza wosayankha mafunso amenewa asakhudze nyama. Koma kuvutitsa pang'ono nyama zowerengeka kuti mtundu wonse udziwike ndi kutetezedwa sikusiyana kwenikweni ndi kugwira ng'ombe kuti ibayidwe katemera. Imalira, koma khola limapulumuka.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi maganizo ena amene ndimawamva pakati pathu: akuti Yesu ali pafupi kubwera, dzikoli lidzapsa, nanga tivutikiranji ndi nyama za kutali? Abale ndi alongo, maganizo amenewa sagwirizana ndi chikhulupiriro chathu. Sabata lililonse timapuma pokumbukira kuti Mulungu ndiye Mlengi. Uthenga wa mngelo woyamba pa Chivumbulutso 14:7 umatiitana kupembedza Iye amene analenga zonse, ndipo nyanja yatchulidwa mwachindunji. Pa Genesis 2:15 munthu anapatsidwa munda kuti aulime komanso ausunge. Ngakhale mpingo wathu wa Seventh-day Adventist unatulutsa chikalata mu 1995 chochenjeza maboma za kuopsa kwa kusintha kwa nyengo. Kapitawo amene wamva kuti mwini munda ali m'njira salekerera mbewu kuti zife. M'pamene amalimbikira kupalira.

Ukapitawo tisautsekere mu envelopu ya chakhumi. Umafunanso kudziwa bwino chimene waikiziridwa, ndipo kudziwako kumabwera ndi kuyeza, kuwerenga ndi kulemba moona mtima. Ambiri mwa ife sitidzaponda ku Svalbard kapena ku Greenland, koma ena tikuphunzira sayansi, ena uphunzitsi, ena zaumoyo ndi zaubusa. Wophunzira wa sayansi asachite manyazi ndi maphunziro ake ngati kuti akupikisana ndi chikhulupiriro. Mbusa wa mawa asadzanyoze paguwa ntchito imene sanaimvetse. Ndipo nthawi ina mukadzaona chithunzi cha katumbu wa mlongoti pamutu, mumvereni chisoni ndithu, kenako mufunse kuti akutiuza chiyani za nyanja imene Mulungu anatisungitsa.