Mota ikangolira koma osazungulira

Kuyambira pamene boma la Nyasa linapatulidwa ku boma la Mbinga m'chaka cha 2012, ku Mbamba Bay kwasintha zambiri. Chigawo cha Ruvuma chinalumikizidwa ku magetsi a dziko lonse mu 2018 kudzera m'nthambo zochokera ku Makambako kukafika ku Songea, ndipo bungwe la REA, lomwe limafalitsa magetsi kumidzi, lakhala likuimika mapolo m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Pamodzi ndi magetsiwo pabwera mafiriji osungiramo nsomba, mapampu a madzi, komanso makina ochapira zovala amene tsopano amapezeka m'nyumba zogona alendo ndi kwa amayi ena amene anawagula ndi ngongole ya ku gulu kuti azichapira anthu molipiritsa.

Makina otere akaima, chimene chaima ndi ndalama yobwezera ngongole. Mwini wake amathamangira kwa mmisiri, amene kumeneko amamutcha fundi, ndipo kawirikawiri yankho limakhala limodzi: mota yapsa. Zikatero munthu amayamba kuwerengera ulendo wa makilomita oposa 60 wokwera mapiri kupita ku Mbinga, kapena wopitirira mpaka ku Songea. Komatu mota zambiri zimene zimanyamulidwa pa ulendo umenewu zimakhala zilibe vuto lililonse. Cholakwika chimakhala kachipangizo kena kakang'ono kotsika mtengo, kapenanso magetsi enieniwo.

Choyamba ndi kumvetsera. Makina okana kuyamba amachita chimodzi mwa ziwiri: amangokhala chete ngati gwero, kapena amalira chapansipansi ngati njuchi koma osazungulira. Matenda awiriwa ndi osiyana kotheratu.

Makina akangokhala chete, ndiye kuti magetsi sakufika ku mota. Apa palibe chovuta kwenikweni. Munthu aone ngati mayunitsi a LUKU sanathe, ayese soketiyo ndi chipangizo china, ayang'ane fyuzi ya m'pulagi, kenaka atsate nthambo yonse mpaka m'kati, poti makoswe amakonda kuitafuna kunsi kwa makina kumene kumakhala kotentha. Makina a migolo iwiri, amene ndiwo ofala, ali ndi kaswichi pa chivundikiro cha mgolo wofinyira. Kaswichiko kakachita dzimbiri mgolowo suyamba ngakhale mota ili bwinobwino. Nako kowerengera nthawi, kamene amapotokola poyatsa, kamalowedwa ndi nyerere ndi mphemvu. Ndipo ngati makina anaima okha ali m'kati mochapa, ndi bwino kudikira theka la ola, chifukwa mota zambiri zili ndi kotetezera kamene kamadula magetsi mota ikatentha, n'kuwabwezeretsa ikazizira.

Nkhani yaikulu ili pa mota yolira. Kulirako kukutanthauza kuti magetsi afika, koma mota ikulephera kunyamuka, ndipo mphindi iliyonse imene ikulira choncho mawaya a mkuwa a m'kati mwake akutentha. Anthu ambiri amaisiya ikulira poyembekeza kuti mwina idzidzimuka. Kumeneko ndiye kuwotcha mota imene inali yamoyo. Pulagi izulidwe nthawi yomweyo.

Pulagi itazulidwa, munthu ayese kuzunguza ndi dzanja chimbale cha pansi pa mgolo wochapira. Chikakana kapena chikalimba, pali chimene chachigwira. Kunyanja kuno zogwira n'zambiri: mchenga wa m'matumba a akabudula, ndalama zachitsulo, mbedza, ndi ulusi wa ukonde umene umadzikulunga pa mtengo wa chimbalecho mpaka kuuma gwa. Madzi otunga kunyanja m'nyengo ya mwera, pamene mafunde avundula gombe, amabweranso ndi mchenga wawo. Kumbali yofinyira kuli buleki imene imamasuka chivundikiro chikatsekedwa. Kachingwe kake kakaduka, buleki imagwirabe ndipo mota imangolira. Lamba nayenso aonedwe, ngakhale kuti lamba akaduka mota imamveka ikuthamanga yokha mopepuka.

Ngati chimbale chikuzungulira mosavuta, woyamba kumukayikira ndi kapasita. Mota ya magetsi a m'nyumba, a mavolti 230, siingathe kudziyambitsa yokha. M'kati mwake muli makoyilo awiri, ndipo kapasita, kachitini kokhala ngati batire lalikulu la tochi, kamachititsa kuti magetsi a m'koyilo imodzi atsogoleko pang'ono kuposa a m'koyilo inzake. Kusiyana kumeneku ndiko kumapereka mphamvu yokankha koyamba. Zili ngati bwato limene lili pamchenga: wopalasa angakhale wamphamvu chotani, nkhafi siigwira ntchito mpaka wina alikankhire m'madzi. Kapasita ikafooka, mota imasowa woikankha. N'chifukwa chake amisiri odziwa ntchito amayatsa makina kwa kamphindi n'kukankha chimbale ndi kamtengo kouma. Chikanyamuka n'kumazungulira, mlandu wagwera kapasita. Kuyesa kumeneku n'kwa mmisiri, wovala nsapato, ataima pouma. Wina aliyense asakuyerekeze ndi dzanja.

Kapasita yowonongeka nthawi zina imaoneka ndi maso: imatupa, imang'aluka kapena kutuluka mafuta. Nthawi zina imaoneka yatsopano koma itafa, ndipo apa pamafunika mita yoyezera. Chofunika kudziwa n'chakuti kapasita imasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa, choncho mmisiri amayamba waikhuthula asanaigwire. Pogula ina, manambala olembedwa pa yakaleyo atsatidwe ndendende. Pa makina ambiri a migolo iwiri pamakhala kapasita imodzi ya mawaya anayi, yolembedwa manambala awiri monga 10 ndi 5 µF, yaikulu ya mota yochapira ndi yaing'ono ya mota yofinyira. Nambala ya mavolti, imene kawirikawiri imakhala 450, ingathe kukwera koma isatsike. Chizolowezi chongozula kapasita pa fani yakufa n'kuiika pa makina ochapira chawonongetsa mota zambiri, chifukwa ya fani ndi yaing'ono kwambiri.

Palinso mdani wina amene saoneka, ndiye magetsi ofooka. Mota ikamanyamuka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa pamene ikuyenda. Madzulo, pamene nyumba zonse zayatsa ndipo chigayo ndi owotcherera zitsulo akadali pa ntchito, nyumba za kumapeto kwa nthambo zimalandira magetsi operewera. Chizindikiro chake n'chapafupi: babu imazilala makina akayatsidwa. Nthambo yaitali yopyapyala yokokedwa kuchokera kwa a neba imachitanso chimodzimodzi, monganso inveta yaing'ono ya sola imene inagulidwira mababu ndi wailesi yakanema. Makina amene akana madzulo ayesedwenso m'mamawa, pa soketi ya pakhoma, ndi zovala zochepa, asanapatsidwe mlandu.

Zonsezi zikalephera, mpamene mota yeniyeniyo iyenera kumasulidwa. Yopsa siibisala: imanunkha ngati pulasitiki wowauka ndipo mawaya ake amada. Mota yofinyira ndiyo imapsa kawirikawiri, chifukwa imakhala kunsi kwenikweni kwa mgolo, ndipo labala yotchinga madzi ikang'ambika madzi amadonthera pa iyo. Kuika mota yatsopano osasintha labalayo n'kutaya ndalama kawiri. Makina amene akugwira munthu akawakhudza asiyidwe kufikira mmisiri ataona waya wa pansi, pakuti pamene pali madzi ndi magetsi imfa siikhala patali.

Alangizi a magulu a amayi ndi a achinyamata angathandize pokumbutsa gulu kuti, tsiku logula makina, lilembe m'kaundula wake manambala a pa kapasita ndi a pa lamba, ndi kupatula kandalama kogulira zimenezi zosungira. Mayeso omwewa amagwiranso pa pampu yothirira dimba. Ndipo amene akukwera basi ya ku Mbinga kukagula kapasita atenge yakaleyo m'thumba, kuti wogulitsa asamupatse ina iliyonse imene yatsala pa shelefu.