Mabuku a achinyamata opulumuka mfuti kusukulu: amapoletsa bala kapena amalitosa?

M'chaka cha sukulu cha 2023 mpaka 2024, buku lomwe linachotsedwa m'malaibulale a sukulu zambiri kuposa lina lililonse ku America linali Nineteen Minutes, lomwe Jodi Picoult anatulutsa mu 2007. Bungwe la PEN America, lomwe limalondoloza za mabuku oletsedwa, linapeza kuti zigawo za maphunziro 98 zinalichotsa. Bukuli likusimba za mnyamata wa kusekondale amene tsiku lina analowa pasukulu ndi mfuti n'kupha anthu 10, ndiponso za momwe tauni yonse inatsalira ndi mafunso. Malingana ndi mlembiyo, chomwe chinakwiyitsa ambiri ndi tsamba limodzi lonena za kugwiriridwa kwa mtsikana, osati imfazo ayi. Komabe zotsatira zake n'zimodzi: mwana amene pasukulu pake amaphunzitsidwa kuzimitsa magetsi, kukhoma chitseko ndi kubisala pakona ngati wamfuti atalowa, akuuzidwa kuti sanakule mokwanira kuwerenga nkhani ya zomwe akubisalirazo.

Mabuku otere alipo ambiri tsopano, ndipo chiyambi chawo n'chodziwika. Pa 20 Epulo 1999, ophunzira awiri a pasukulu ya Columbine ku Colorado anapha anzawo 12 ndi mphunzitsi mmodzi. Chaka chotsatira Todd Strasser anatulutsa Give a Boy a Gun, ndipo mu 2004 Walter Dean Myers anatulutsa Shooter. Kenaka kunabwera chiwembu cha pasukulu ya Sandy Hook mu Disembala 2012, komwe ana 20 ndi akuluakulu 6 anaphedwa. Parkland mu Febuluwale 2018, anthu 17. Uvalde mu Meyi 2022, ana 19 ndi aphunzitsi awiri. Mu 2020 mfuti inaposa ngozi zapamsewu n'kukhala chinthu chopha ana ndi achinyamata ambiri m'dzikolo. Olemba mabuku a achinyamata sakanaleka kulemba za izi. Funso n'lakuti zomwe akulembazo zikuthandiza ndani.

Oikira kumbuyo mabukuwa ali ndi mfundo yomwe ine ndikuiona kuti ndi yolemera kwambiri. Atolankhani amafika tsiku la ngozi, amajambula maluwa ndi makandulo pageti, amakhala mpaka maliro atatha, kenaka amanyamuka. Chisoni chenicheni chimayamba iwo atapita. Mu Marichi 2019, patatha chaka chathunthu, achinyamata awiri opulumuka ku Parkland anadzipha motsatizana m'masiku ochepa, ndipo m'mwezi womwewo bambo wina amene mwana wake anaphedwa ku Sandy Hook anadziphanso. Nthawi yovutayi, pamene anthu akuyembekezera kuti wopulumuka ayambirenso kuseka, ndi yomwe mabuku abwino a mtunduwu amakhazikikapo.

Taonani Hate List la Jennifer Brown, la mu 2009. Valerie akubwerera kusukulu patatha miyezi isanu chibwenzi chake Nick chitawombera ophunzira anzawo n'kudzipha. Iye analasidwa mwendo poyesa kumuletsa, ndipo potero anapulumutsa mtsikana amene ankamuzunza. Koma mayina a ena mwa omwe Nick anawombera anachokera pamndandanda wa anthu odedwa umene awiriwa ankalembera limodzi m'kope, Valerie akuyesa ndi njira yongotulutsira mkwiyo. Ndiye mtsikanayu ndi ngwazi kapena ndi mnzake wa chigawenga? Anzake sakudziwa, makolo ake sakudziwa, iye mwini sakudziwa. Choopsa koposa n'chakuti akumusowa Nick. Akulira munthu amene palibe akufuna kumva kuti akuliridwa. Palibe mlaliki pamwambo wa chikumbutso, palibe nduna, palibe nyuzipepala imene ingalankhule za chisoni choterechi, koma buku lingathe, chifukwa limalowa m'mutu mwa munthu mmodzi n'kukhalamo masamba mazana.

The Lucky Ones la Liz Lawson, la mu 2020, likugwira mbali ina. May anabisala m'kachipinda kosungiramo katundu pamene mchimwene wake, amene anabadwa naye mapasa, ankaphedwa kunja kwa chitseko. Anthu akumutcha wamwayi. Iye ali ndi ukali wosaneneka, ndipo akudziimba mlandu wokhala ndi moyo. Akatswiri a maganizo amaudziwa bwino mlandu umenewu pakati pa opulumuka nkhondo ndi ngozi, koma mwana wa zaka 16 saudziwa dzina; amangoganiza kuti ndi iye yekha woipa mtima chotero. Akauwerenga mwa munthu wina, ngakhale wopeka, amadziwa kuti sali yekha. Anthu amati maliro n'kulirana, ndipo kwa mwana amene sangathe kuuza mayi ake zomwe zili mumtima, nthawi zina woyamba kulira naye amakhala wa m'buku.

Tsopano mbali inayo, imene siyenera kupeputsidwa ngati mantha a makolo osawerenga.

Munthu amene anachotsa buku lake pamsika pa nkhani imeneyi ndi Stephen King, mlembi amene sadziwika ndi kuopa zoopsa. Mu 1977 anatulutsa Rage pogwiritsa ntchito dzina loti Richard Bachman, nkhani ya wophunzira amene akupha aphunzitsi n'kugwira kalasi yonse ukapolo, ndipo nkhaniyo ikusimbidwa ndi wakuphayo. M'zaka za m'ma 1980 bukuli linatchulidwa pa milandu ya anyamata amene anachita zofananazo. Mu Disembala 1997 mnyamata wa zaka 14 anapha atsikana atatu pasukulu ya Heath ku Kentucky, ndipo zinamveka kuti bukuli linapezeka m'kabati yake ya kusukulu. King anauza osindikiza kuti asiye kulisindikiza. Pofotokoza pambuyo pake, sananene kuti buku lake linasandutsa ana abwino kukhala akupha. Anati kwa mnyamata wosweka kale mumtima, likanatha kukolezera moto womwe unalipo. Ngati mwini buku akuvomera zimenezi, ife sitingaumirire kuti nkhani yopeka ilibe mphamvu yovulaza. Sitinganene kuti buku limasintha mtima wa mwana pamene likuchita zabwino, n'kukananso kuti lingausinthe pamene likuchita zoipa.

Palinso nkhani ya Thirteen Reasons Why, buku la Jay Asher la mu 2007 lonena za mtsikana wodzipha, lomwe Netflix inalisandutsa kanema mu Marichi 2017. Kafukufuku amene anatuluka mu 2019 anapeza kuti m'mwezi wa Epulo 2017 chiwerengero cha ana a zaka 10 mpaka 17 odzipha ku America chinakwera ndi pafupifupi 29 pa 100 alionse kuposa chomwe chinkayembekezeka. Akatswiri ena anatsutsa kawerengedweko, ndipo kukwerako kunaoneka makamaka mwa anyamata pamene nkhaniyo ndi ya mtsikana. Ngakhale zinali choncho, mu Julayi 2019 Netflix inadula gawo loonetsa mtsikanayo akudzipha.

Apa ndi pomwe mkangano wa "tiletse" ndi "tisaletse" umasokonezera zinthu, chifukwa umaika mabuku onse m'thumba limodzi. Ofufuza za kudzipha akhala akudziwa kuyambira mu 1974, pamene David Phillips analemba za nkhaniyi, kuti imfa yolengezedwa mokometsera imakopa otsanzira. Koma mu 2010 Thomas Niederkrotenthaler ndi anzake, atasanthula nkhani za m'nyuzipepala za ku Austria, anapezanso china: nkhani zosimba za anthu amene anafika pothedwa nzeru koma n'kupeza njira yopitirira ndi moyo zinkatsatiridwa ndi kutsika kwa chiwerengero cha odzipha. Kafukufukuyu anali wa nyuzipepala ndi kudzipha, osati wa mabuku a mfuti, koma phunziro lake likufika kuno. Chofunika ndi pomwe mlembi waima ndi yemwe akumuyang'anitsitsa.

Yerekezani mabuku awiri. This Is Where It Ends la Marieke Nijkamp, la mu 2016, linagulidwa kwambiri ndipo linakhala masabata ochuluka pamndandanda wa The New York Times. Nkhani yonse ikuchitika m'mphindi 54, mnyamata wamfuti atatsekera anzake m'holo ya sukulu. Limawerengeka mothamanga, mtima uli m'mwamba, wowerenga akufunsa kuti wotsatira kufa ndani. Ine ndikuona kuti apa m'pamene pali vuto: imfa za ana zasanduka chokokera wowerenga kutsamba lotsatira, wakuphayo ali pakati pa bwalo aliyense akumumvera, ndipo bukulo likutha pamene chisoni chikungoyamba kumene. That's Not What Happened la Kody Keplinger, la mu 2018, likuyamba patatha zaka zitatu. Dzina la wakuphayo silitchulidwa n'komwe. Lee anali limodzi ndi mnzake Sarah m'chimbudzi cha sukulu pamene Sarah anaphedwa, ndipo akudziwa kuti nkhani yomwe tauni yonse imakhulupirira, yoti Sarah anafa akuchitira umboni chikhulupiriro chake, si yoona. Anene, awawitse mtima makolo ofedwa? Akhale chete, asiye wopulumuka mnzake amene ananena zoona apitirize kutchedwa wabodza?

Keplinger sanaipeke kuchokera kumwamba nkhaniyi. Ku Columbine kunafala mbiri yoti Cassie Bernall anafunsidwa ngati amakhulupirira Mulungu, n'kuvomera, n'kuphedwa. Mayi ake analemba buku la nkhaniyo mu 1999. Ofufuza anapeza kuti amene anafunsidwa funsolo anali mtsikana wina, amene anavulala koma anapulumuka. Anthu ofedwa amafuna imfa ikhale ndi tanthauzo, ndipo sitingawadzudzule. Koma mwana amene analipo n'kuona zenizeni amasenza katundu wachiwiri, wosunga chete kuti akuluakulu atonthozeke. Buku lophunzitsa wachinyamata kuona zimenezi likumuchitira ulemu waukulu.

Ngakhale mabuku abwinowa ali ndi zilema zake. Choyamba ndi chizolowezi chopereka chifukwa chimodzi chosavuta: ankamuzunza, ndiye anabwezera. Lipoti la 2002 la Secret Service ndi unduna wa zamaphunziro wa ku America, lomwe linaunika ziwembu 37 za m'sukulu, linapezadi kuti ambiri mwa achiwembuwo ankadziona kuti akuzunzidwa, koma linanenanso kuti palibe mtundu umodzi wa mwana wotere. Dave Cullen, m'buku lake la 2009 la zomwe zinachitika ku Columbine, anatsutsa mbiri yoti awiri aja anali ana osalidwa ofuna kubwezera osewera mpira. Mlembi akakometsa kwambiri nkhani ya kuzunzidwa, amafika pafupi n'kunena kuti ophedwawo anaziputa, ndipo mnyamata wokwiya amene akuwerenga angamve ngati akupatsidwa chilolezo. Chomwe lipoti lomwelo linapeza, chimene olemba akanachigwiritsa ntchito kwambiri, n'chakuti pa ziwembu zambiri panali wina amene ankadziwa pasadakhale, kawirikawiri mwana mnzake, koma sananene.

Chilema chachiwiri ndi chikondi. Msika wa mabuku a achinyamata umafuna chibwenzi, choncho mtsikana wosweka mtima amapezeka kuti wakumana ndi mnyamata wachifundo. Mu Underwater la Marisa Reichardt, Morgan amene sakutulukanso m'nyumba chichitikireni chiwembu akuyamba kusintha mnyamata wina atasamukira khomo loyandikana nalo. Mu The Lucky Ones May akukondana ndi mwana wa loya wa wakupha uja. Kunena chilungamo, Morgan alinso ndi mlangizi amene amamuyendera kunyumba, ndipo Valerie wa mu Hate List amapita kwa dokotala wa maganizo. Koma wowerenga wa zaka 15 adzakumbukira mnyamatayo kuposa dokotala, ndipo angaganize kuti bala lotere limapola m'teremu imodzi.

Wina anganene kuti izi n'za ku America, kuno mfuti sizilowa m'kalasi. N'zoona. Koma ku Kenya, mu Marichi 2001, anyamata 67 anafa pasukulu yogonera ya Kyanguli ku Machakos ophunzira anzawo atayatsa nyumba yogonamo. Ku Nigeria, kubedwa kwa atsikana 276 ku Chibok mu 2014 kunabala buku la achinyamata la Adaobi Tricia Nwaubani, Buried Beneath the Baobab Tree, la mu 2018, lomwe analilemba atacheza ndi atsikana opulumuka m'manja mwa Boko Haram ndi mabanja awo. Ndipo pali china chomwe tikuchidziwa tonse: pamaliro athu anamfedwa amadziwika, ndi achibale, ndipo ndi iwo amene timawapepesa. Mnzake wa malemu wa pa desiki imodzi amabwera ndi yunifolomu, amaimba nyimbo ndi kwaya ya sukulu, ndipo Lolemba amakakhala pafupi ndi mpando wopanda munthu. Samuwerengera pa ofedwa. Mabuku amene tikunenawa, akalembedwa bwino, ndi a mwana ameneyu.

Choncho kuchotsa mabuku onsewa m'malaibulale ndi kulakwitsa, ndipo kuwapereka onse mwachisawawa ngati mankhwala ndi kulakwitsanso, kungoti kulakwitsa koyambako n'kokulirapo chifukwa kumamusiya mwana ndi Facebook ndi YouTube, komwe nkhope ndi mayina a akupha zili ponseponse popanda womutsogolera. Inu aphunzitsi, oyang'anira laibulale ndi makolo, liwerengeni kaye bukulo musanalipereke. Onani ngati masamba ake ambiri ali pa tsiku la mfuti kapena pa miyezi yotsatira, ndiponso ngati amene mukutsala mukumudziwa bwino ndi wakupha kapena wotsala. Mwana amene wangofedwa kumene musamukakamize kuliwerenga, ndipo amene walisankha yekha mumufunse zomwe wapezamo akamaliza.