Kufomata si mankhwala a nthenda iliyonse ya kompyuta

Pa tchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Nsanama, m'boma la Machinga, ndipo ndinapeza achemwali anga atagwira tsaya patsogolo pa laputopu yawo. Laputopuyo sinabedwe, sinagwe pansi, sinapse ndi magetsi. Inali pa tebulo ikuyaka msanga kuposa kale. Vuto linali loti m'kati mwake munalibe kanthu.

Achemwaliwo ndi mphunzitsi wa ku pulayimale, ndipo akuchitanso maphunziro a digiri ali pa ntchito pomwepo. Laputopu yawo inayamba ndi kuchedwa kuyaka, kenako tsiku lina inangoima pa chizindikiro cha Windows osapitirira. Anapita nayo pamsika kwa mnyamata wina amene amaika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni, yemwenso amakonza makompyuta. Mnyamatayo anaiyang'ana pang'ono n'kunena kuti, "Aphunzitsi, iyi ndi vairasi. Tingoifomata, tiike Windows ina. Mubwere madzulo." Iwo anavomera, poganiza kuti kufomata kuli ngati kuchapa chovala, dothi lichoke koma chovala chitsale. Madzulo atafunsa kuti, "Nanga achimwene, mafayilo anga ali pati?" anayankhidwa kuti, "Simunanenetu kuti muli zofunika."

Zomwe zinapita tsiku limenelo ndi machaputala atatu a kafukufuku wawo, malikisi a ana a Sitandade 8 a matemu awiri, mndandanda wa zopereka za amayi a Dorika omwe iwo ndi mlembi wake, ndi zithunzi za malemu mayi athu zomwe sizinali kwina kulikonse. Machaputala akulembanso, malikisi ena anawapeza m'makope. Zithunzi zija ndiye zinapitiratu.

Maganizo anga ndi awa: tasandutsa kufomata kukhala mankhwala oyamba a vuto lililonse la kompyuta, pamene kumayenera kukhala komaliza. Ndipo pasapezeke munthu, kaya mwini kompyuta kaya wokonza, woika Windows yatsopano mafayilo asanakoperedwe kwina ndi kuonedwa kuti akutseguka.

Ambirife tikamva zoti "tiika Windows ina" timaganiza kuti ndi ntchito imodzi. Kunena zoona pali njira zingapo, ndipo zotsatira zake pa mafayilo n'zosiyana kwambiri. Mu Windows 10 ndi Windows 11 muli malo otchedwa Reset this PC, omwe amakufunsani kuti musankhe pakati pa Keep my files ndi Remove everything. Mukasankha yoyambayo, mapulogalamu amene munaika amachoka koma zolemba ndi zithunzi zanu zimatsala. Mukasankha yachiwiriyo, zonse zimapita. Njira ina ndi yoika Windows kuchokera pa flashi popanda kufomata. Apa mafayilo akale amasamutsidwira mu foda yotchedwa Windows.old, momwe mungathe kuwatengamo. Koma musazengereze, chifukwa Windows imatha kufufuta fodayi yokha pakatha masiku 10. Njira yomaliza, yomwe okonza ambiri amathamangira, ndi yodina Format kapena Delete pa magawo a disiki asanayambe kuika. Imeneyi ndi imene inagwera achemwali anga.

Mwina wina akuti, "Ine zanga ndimasunga pa Desktop, sizili m'kati mwa Windows." Mukudzinamiza. Desktop, Documents, Downloads ndi Pictures zonse zimakhala pa gawo la C, pamodzi ndi Windows yomweyo. C ikafomatidwa, zonsezi zimapitira limodzi. Amene amasunga pa D ali bwinoko, chifukwa wokonza akafomata C yokha za pa D zimatsala. Komabe pa malaputopu ambiri C ndi D ndi zipinda ziwiri za nyumba imodzi. Wokonza akafufuta magawo onse, kapena disikiyo ikafa, zipinda zonse zimagwa.

Nanga zikafufutidwa, zingabwerere? Nthawi zina inde. Kufomata kwachangu sikufufuta zolembedwa zenizenizo nthawi yomweyo. Kumangochotsa kaundula wosonyeza pamene fayilo iliyonse ili, monga kung'amba kaundula wa m'laibulale mabuku ali m'mashelefu. N'chifukwa chake mapulogalamu monga Recuva ndi PhotoRec amatha kupeza zina mwa zotayikazo. Koma Windows yatsopano ikamalowa imatenga malo okwana 20 GB kapena kuposerapo, ndipo imalemba pamwamba pa zomwe zinalipo. Pulogalamu iliyonse ndi filimu iliyonse yomwe mwaika pambuyo pake imakwiriranso zina. Pa malaputopu okhala ndi SSD m'malo mwa disiki yozungulira ija zinthu n'zovuta kwambiri, chifukwa SSD imayeretsa yokha malo amene yauzidwa kuti sakugwiranso ntchito. Ya achemwali inali ya SSD, ndipo mnyamata uja, pofuna kuwasangalatsa, anawaikiramo mafilimu ngati basela. Titafika nayo kwa katswiri wina ku Liwonde, anangopukusa mutu. Madzi akatayika saoleka. Choncho ngati tsokali lakugwerani, zimitsani kompyutayo pompo, musaikemo kanthu kena, pitani nayo kwa wodziwa.

Palinso msampha wina umene ambiri sakuudziwa. Malaputopu ambiri a masiku ano amabwera disiki yake itakiyidwa ndi BitLocker. Zikatero, ngakhale wokonza atachotsa disikiyo n'kuilumikiza ku kompyuta ina, sangawerenge kanthu popanda kiyi ya manambala 48. Kawirikawiri kiyiyi imasungidwa mu akaunti ya Microsoft imene inagwiritsidwa ntchito pa kompyutayo. Ndiye dzifunseni: akaunti yomwe ili pa laputopu yanu ndi yanu, kapena ndi ya amene anakugulitsani? Nanga pasiwedi yake mukuikumbukira? Mafunso amenewa ayankhidwe lero, kompyuta ikadali yamoyo.

Nkhaniyi yafika pofunika kwambiri panopa pa chifukwa china. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse, kutanthauza kuti zotchinga za chitetezo zomwe zinkabwera mwezi ndi mwezi zinatha, kupatula kwa amene analembetsa ndondomeko yapadera yoonjezera nthawi. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, RAM yosachepera 4 GB, malo osachepera 64 GB, ndipo ngati purosesa ndi ya Intel, kawirikawiri imafunika ya m'badwo wa 8 kapena kuposerapo. Malaputopu ambiri amene ife ophunzira tili nawo ndi ogwiritsidwapo kale ntchito kunja, ndipo ochuluka ndi akale kuposa pamenepa. Zotsatira zake n'zodziwikiratu. Ena aikitsa Windows 11 mokakamiza, ena asamukira ku Linux monga Ubuntu kapena Linux Mint, ena abwezeretsa Windows 10 yomweyo. Njira zonsezi zikudutsa pa tebulo la wokonza, ndipo pa njira iliyonse pali pamene kudina kumodzi kumafufuta disiki yonse. Poika Ubuntu, mwachitsanzo, pali chisankho cholembedwa Erase disk, ndipo chimachitadi zomwe chanenazo.

Tsono ndisakhale ngati ndikuweruza mnyamata wa pamsika uja osamva mbali yake. Ndinabwererako kukacheza naye, ndipo zina zomwe ananena n'zomveka. Anati anthu amafuna kompyuta yawo tsiku lomwelo. Kufufuza chenicheni chimene chavuta kumadya nthawi, pamene kuika Windows kumatha msanga. Magetsi akhoza kuzima nthawi iliyonse, ndiye munthu umathamangira kumaliza. Kukopera mafayilo ochuluka kumafuna disiki ina yomwe iye alibe, ndipo ukauza kasitomala kuti aonjezere ndalama ya ntchito imeneyi amati ukumubera. Anatinso ambiri ukawafunsa amayankha kuti mulibe zofunika, n'kudzakumbukira mawa lake.

Zonsezi ndazimva, koma sizikundikhutiritsa. Kufunsa sikulira ndalama, sikufunanso magetsi. Wokonza amadziwa tanthauzo la mawu oti kufomata, pamene kasitomala nthawi zambiri salidziwa. Wodziwayo ndiye ali ndi udindo wofotokoza m'chinenero chomveka, kaya Chichewa kaya Chiyao, kuti, "Amayi, ndikadina apa, zonse zomwe zili muno zitha, sizibweranso. Muli nazo kwina?" Dokotala sadula mwendo asanauze wodwala chimene akufuna kuchita. Komanso si zoona kuti kompyuta ikakana kuyaka ndiye kuti mafayilo sangafikirike. Flashi yokhala ndi Ubuntu imatha kuyatsa kompyuta popanda kuika kalikonse, ndipo ngati disiki ili bwino komanso sinakiyidwe, munthu amatsegula mafoda n'kukopera zomwe akufuna. Windows nayo ili ndi Startup Repair ndi System Restore zoyesa kaye. Ndipo ngati kompyuta ikuchedwa chifukwa disiki yakalamba kapena RAM ndi yochepa, kufomata sikuchiza kanthu. Pakapita milungu ingapo nthenda ija imabwerera, mafayilo atapita kale.

Koma chala chikaloza wokonza, zala zina zikuloza ife eni. Achemwali anga analemba machaputala aja kwa miyezi isanu ndi umodzi osasungako kwina ngakhale kamodzi. Safunsa anadya phula, ndipo iwonso sanafunse kuti kufomata n'chiyani. Pano pa koleji tilipo angati amene kafukufuku wathu yense ali pa laputopu imodzi yokha? Semesita iliyonse timamva za wina amene wapita kwa aphunzitsi ndi nkhani yoti kompyuta yadya asayimenti, ndipo aphunzitsi ena anasiya kukhulupirira, ngakhale wonenayo akunena zoona.

Chodandaula chomwe ndimamva kawirikawiri n'choti bandulo ya intaneti ndi yodula. N'zoona, koma tiyeni tiwerengere bwino. Chikalata cha Word cha masamba makumi angapo chopanda zithunzi zambiri n'chaching'ono kuposa kavidiyo kamodzi komwe timatumizirana pa WhatsApp osaganiza kawiri. Akaunti ya Google imapereka 15 GB yaulere, ya Microsoft imapereka 5 GB pa OneDrive. Simukufunika kukweza mafilimu ndi nyimbo, zimenezo mudzazipezanso. Kwezani zokhazo zomwe palibe wina angakupatseni: zolemba zanu, satifiketi, zithunzi za pabanja, malekodi a ntchito. Ngakhale kudzitumizira nokha pa imelo Lachisanu lililonse dzuwa lisanalowe n'kokwanira kupulumutsa semesita yonse.

Akatswiri amalangiza kuti chinthu chofunika chikhale m'malo atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope imodzi ikhale kutali ndi zinzake. Mfundo yomalizayi ife a kum'mwera sitifunika kuiphunzira m'buku. Namondwe wa Freddy atagwa mu March 2023, maboma ambiri kuphatikizapo Machinga anakhudzidwa, ndipo chomwe chinali m'nyumba imodzi chinanyowera limodzi. Flashi yomwe imagona m'chikwama chimodzi ndi laputopu imabedwa tsiku limodzi ndi laputopuyo. Chenjeraninso ndi maflashi otsika mtengo modabwitsa, ena amalembedwa kukula komwe alibe ndipo amaononga mafayilo mwakachetechete. Mukakopera, tsegulani mafayilo angapo pa kompyuta ina muone ngati akuwerengeka. Kope yomwe simunaiyese musaidalire.

Kwa alembi ndi asungichuma a m'mipingo yathu ndili ndi mawu apadera. Mayina a mamembala, manambala awo a foni ndi zopereka zawo si katundu wanu, mwangosungitsidwa. Zikatayika, mpingo ndi umene wataya, ndipo kukhulupirirana kumasokonekera pamene ziwerengero sizikugwirizana. Zikafika m'manja mwa munthu wosayenera, vuto ndi lina. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2024, choncho nkhaniyi si ya ulemu wokha ayi. Pokakonzetsa kompyuta ya mpingo tengani flashi kapena disiki yanu, mafayilo akoperedwe inu mukuona, ndipo asatsale pa kompyuta ya wokonza.

Kwa anzanga amene mukuphunzira za makompyuta, dziwani kuti mukapita ku tchuthi mudzi wonse umakuonani ngati akatswiri. Amalume, abusa ndi ahedi adzakubweretserani malaputopu awo. Musatengere chizolowezi chothamangira Format pofuna kuoneka achangu. Khalani ndi flashi yoyatsira, funsani za kiyi ya BitLocker, koperani kaye, muonetse mwini wake kuti zinthu zake zilipo, kenako muyambe ntchito. Ndikupemphanso akuluakulu a koleji kuti sabata yolandira ophunzira atsopano muzikhala ola limodzi lophunzitsa kasungidwe ka mafayilo. Ola limenelo lidzachepetsa misozi ya kumapeto kwa semesita.

Tsiku lobwerera kusukulu, ndikudikira minibasi ya ku Liwonde, mnyamata uja anandiitana. Pakhoma la shopu yake anali atamata pepala lolembedwa ndi maka, lofunsa makasitomala ngati asunga kwina mafayilo awo asanasiye kompyuta. Achemwali nawo tsopano amadzitumizira chaputala chilichonse pa imelo akangomaliza kulemba. Zithunzi za mayi tikuzifunafuna kwa achibale, ndipo mpaka pano tapeza ziwiri zokha, mu foni ya azakhali athu a ku Balaka. Inu amene mafayilo anu akadalipo, koperani usiku uno.