Vinyo wa masau ndi bwemba akusowa omulawa: Balaka ayambitse chionetsero chake

Aliyense amene anadutsapo pa msewu wa M1 pakati pa Chingeni ndi Phalula m'miyezi ya Juni ndi Julayi amadziwa zimene zimandandalikidwa m'mbali mwa msewuwo: malichero a masau, milu ya malambe, bwemba womangidwa m'timapepala, ndipo kumbuyo kwa zonsezi matumba a makala. Ikafika Disembala, mabeseni a mango amadzaza ku Ulongwe ndi ku Liwonde, mtengo wake n'kugwa mpaka wogulitsa kuyamba kuchonderera wogula. Mango otsala amawolera pansi pa mtengo, mbuzi nazo zitatopa nawo.

M'miyezi yomweyo, m'mahotela a ku Blantyre ndi ku Lilongwe mumachitika maphwando olawa vinyo. Pafupifupi vinyo yense wa pamenepo ndi wochokera ku South Africa, ndipo timapepala tofotokoza kakomedwe kake timatchula zipatso za ku Ulaya zimene mwana wa ku Utale sanazionepo. Palibe cholakwa ndi maphwandowo. Chodandaulitsa n'chakuti boma la Balaka, lomwe lili ndi zipatso zotha kupanga zakumwa zapamwamba, lilibe tsiku ngakhale limodzi pa chaka loti opanga zakumwazo akumane, zinthu zawo zilawidwe, ndipo wina alembe poyera kuti ichi chakoma pati, icho chalakwika pati. Balaka ndi Machinga akufunika kukhala ndi tsiku lotere, ndipo zolembedwa pa tsikulo zikhale m'Chichewa ndi m'Chiyao.

Ena amaona ngati kulawa vinyo ndi matama a anthu a m'tauni. Koma ntchito ya wolawa ndi yofanana ndi ya amene amaika magiredi pa thonje kumsika. Wolawayo amayang'ana mtundu wa chakumwacho m'tambula, amanunkhiza, amalawa pang'ono, amalavula, kenaka amalemba. Zimene walembazo zimauza wogula chomwe ayembekezere, ndipo zimauza wopanga pomwe dzanja linaterereka. Vinyo akamanunkha viniga, ndiye kuti mpweya unalowa m'chigubu ndipo tizilombo tina tinasandutsa mowa kukhala asidi. Akamanunkha dzira lovunda, yisiti inasowa chakudya pofufumitsa. Akakhala wa mbuu, mwina anathiridwa m'botolo nsenga zisanadikhe. Botolo likaphulika pa shelefu, shuga anali asanathe ndipo vinyoyo anapitiriza kuwira. Mayi amene wakhala akutaya zigubu osadziwa chifukwa angathe kuthandizidwa ndi mizere inayi yolembedwa ndi munthu wodziwa kulawa.

Luso limeneli si lachilendo kumudzi. Amayi ofulula mowa wa masese amadziwa ndi lilime kuti mowa wapsa, sunapse, kapena wasasa. Wophika thobwa amazindikira msanga chimera chikachepa. Ogoma uchema m'mphepete mwa Shire amadziwa kuti wam'mawa ndi wotsekemera ndipo ukafika madzulo wayamba kuwawasa. Pa mowa wa kumudzi mwini wake ndiye amayamba kumwa chipanda choyamba anthu akuona, kuti alendo amwe mtima uli m'malo. Mawu alipo kale: kuzuna, kuwawasa, kuwawa, kusasa, kuuma kukamwa, kukanda pakhosi, kununkhira utsi. Chosowa ndi kuika zakumwa khumi pa tebulo limodzi, kuzifananitsa, ndi kusunga zimene zapezeka kuti chaka chamawa munthu aone ngati wapita patsogolo.

Anzathu a ku Zimbabwe anaonetsa kale kuti lilime lokulira kumudzi silichepa pa ntchitoyi. Joseph Dhafana, Tinashe Nyamudoka, Marlvin Gwese ndi Pardon Taguzu anapita ku South Africa kukasaka maganyu monga amachitira anyamata ambiri a ku Machinga ndi ku Mangochi. Anayambira ntchito zapansi, kenaka anakhala akatswiri osankha vinyo m'malesitilanti otchuka a ku Cape. Mu 2017 anaimira dziko lawo ku France pa mpikisano wa dziko lonse wozindikira vinyo osaona botolo, ndipo mbiri yawo inajambulidwa m'filimu ya Blind Ambition. Nyamudoka, amene anadzakhazikitsa vinyo wake wa Kumusha, amadziwika pofotokoza fungo la vinyo pogwiritsa ntchito zipatso zakutchire zimene anadya ali mwana. Ngati masuku angathe kufotokoza vinyo wa ku Stellenbosch, palibe chifukwa choti vinyo wa ku Balaka afotokozedwe ndi mayina a zipatso za ku Ulaya.

Kuti vinyo wa zipatso angagulitsidwe m'Malawi muno si nkhani yongoganizira. Ku Lilongwe, kampani ya Linga ya banja la a Timothy ndi a Margaret Ngwira yakhala ikupanga vinyo wa jambula, gwafa, mapichesi, mabulosi ndi chidede, ikumagula zipatso kwa alimi ang'onoang'ono, ndipo mabotolo ake amapezeka m'masitolo akuluakulu. Ku Karonga, amayi a gulu la Twitule anaona nthochi zawo zikupsa msanga chifukwa cha kutentha, n'kuyamba kuzisandutsa vinyo. Ku Tanzania, dera louma la Dodoma, kumene amishonale anafika ndi mphesa, lero ndi likulu la vinyo wa dzikolo. A Linga ndi a Twitule anayamba ndi chipatso chimene chinali pakhomo.

Zipatso za ku Balaka zili ndi makhalidwe amene wopanga vinyo ayenera kuwadziwa. Mango ali ndi shuga wambiri koma akapsa kwambiri sawawasa, choncho vinyo wake payekha amatuluka wozizira m'kamwa ndipo sachedwa kuwonongeka. Bwemba ali ndi asidi yemweyo amene amapezeka mu mphesa, ndipo pang'ono pokha amadzutsa vinyo wa mango. Malambe ali ndi vitamini C wambiri ndipo amawawasa bwino, koma shuga wake ndi wochepa, kotero amafuna wowonjezera, chinthu chokwera mtengo m'zaka zino pamene shuga wakhala akusowa m'masitolo. Masau ali ndi fungo lamphamvu lomwe ena amalikonda ndipo ena amalithawa. M'chigwa cha Zambezi ndi cha Shire anthu akhala akutcheza nawo kachasu kuyambira kale. Chidede chimapereka mtundu wofiira umene wogula amayembekezera akamva dzina loti vinyo. Kusakaniza zimenezi pa mlingo woyenera ndi ntchito ya lilime, ndipo lilime limaphunzira likamva za anzake.

Mdani wamkulu ku Balaka ndi dzuwa. Mu Okutobala ndi Novembala kumatentha moti yisiti imawira mothamanga, fungo la chipatso n'kuthawa, nthawi zina yisitiyo n'kufa ntchito isanathe. N'chifukwa chake mwezi woyenera chionetserochi ndi Julayi. Kunja kumakhala kukuzizira, masau, malambe ndi bwemba zili pamsika, anthu atakolola ndipo ali ndi kangachepe m'thumba. Vinyo wa mango amene anaikidwa m'zigubu mu Disembala amakhala atakhala miyezi isanu ndi iwiri, wadikha, wayera, ndipo wakonzeka kuweruzidwa.

Pali mafunso awiri olemera amene sayenera kuzembedwa. Loyamba ndi la mowa weniweniwo. Dziko lino linavutika ndi mowa wa m'masacheti mpaka boma linauletsa, ndipo mu 2024 anthu angapo anamwalira ku Blantyre atamwa mowa wosadziwika bwino womwe anthu anautcha "ambuye n'tengeni". Kholo la ku Balaka lili ndi chifukwa chomveka chochitira mantha likamva za chikondwerero cha vinyo. Koma mowa umene ukupha anthu ndi wobisika, wopanda dzina la wopanga, wopanda pepala pabotolo, wopanda wina wouyeza. Chionetsero chimachita zosiyana ndi zimenezo. Wopanga amaima pafupi ndi botolo lake, dzina lake lili pomwepo, mphamvu ya mowa yalembedwa, ndipo akuluakulu a Malawi Bureau of Standards akhoza kukhala ndi tebulo lawo lofotokoza njira yopezera chiphaso. Vinyo wamba amakhala ndi mphamvu ya pakati pa 11 ndi 14 pa 100 iliyonse, ndipo wolawa amapatsidwa madontho a pansi pa tambula. Ana osakwana zaka 18 asaloledwe mbali imeneyo, ndipo kachasu asalowe n'komwe.

Funso lachiwiri ndi la chipembedzo. Ku Machinga Asilamu ndi ochuluka, ku Balaka nakonso alipo ambiri, ndipo mipingo yambiri ya Chikhristu siimwa mowa. Chionetsero cha vinyo yekha chingasiye kunja anthu omwe ali eni a mitengo yambiri ya zipatsozi. Chotero mbali yaikulu ya tsikuli ikhale ya zakumwa zosaledzeretsa: juwisi wa malambe, wa bwemba, wa chidede, thobwa la chimanga, la mawere ndi la mapira, jamu wa masau, mango oumitsa. Zimenezi ziweruzidwe mozama chimodzimodzi, mphotho zake zikhale zofanana, ndipo malo a vinyo akhale paokha ndi khomo lawolawo. Ndipotu msika wa juwisi ndi waukulu kuposa wa vinyo. Mayi wa ku Ntaja amene amaphika thobwa lokoma kuposa onse pa nthawi ya Ramadan ali ndi ufulu womva dzina lake likutchulidwa pa chimkuzamawu.

Chakumwa chimamveka bwino pambali pa chakudya, ndipo apa maboma awiriwa sangachite manyazi. Pali chambo ndi nsomba zina za ku Malombe ndi mu Shire, matemba ndi mpunga wa m'madambo a nyanja ya Chilwa, nandolo amene amalimidwa pafupifupi m'munda uliwonse, kanyenya wa mbuzi, futali, chigumu ndi nkhwani wotendera. Wolawa akalemba kuti juwisi wa bwemba amatsuka mafuta a kanyenya m'kamwa, kapena kuti vinyo wa malambe amayenda bwino ndi chambo chootcha, ndiye kuti wapatsa mwini lesitilanti ku Liwonde chiganizo choti auze mlendo wochokera ku Liwonde National Park. Alendo amenewo pakadali pano amamwa vinyo wa ku Cape akuyang'ana mitengo ya malambe, popanda wowauza kuti chipatso cha mtengowo chimamweka.

Balaka alinso ndi mwayi wa malo. Msewu wochokera ku Chingeni umadutsa m'tauni kupita ku Liwonde, kumene umagawikana kulowera ku Zomba, ku Mangochi ndi ku Ntaja. Njanji zimakumana pa Nkaya. Kusonkhanitsa anthu si kwachilendo kuno: Alleluya Band inayambira konkuno mu 1978, malemu Lucius Banda amene anayambitsa Sand Music Festival anali mwana wa pano, ndipo Montfort Media ili ndi makina osindikizira m'tauni momwemo. Tauni imene inatulutsa oimba otere singalephere kukonza tsiku limodzi la matebulo, matambula ndi mapepala.

Kuti chionetserochi chisasanduke phwando wamba, kuweruza kukhale kolongosoka. Mabotolo abisidwe mayina n'kupatsidwa manambala, kuti wa mfumu ndi wa mayi wamasiye alawidwe mofanana. Pa tebulo la oweruza pakhale aphunzitsi a sayansi ya zakudya ochokera ku LUANAR kapena ku MUBAS, wophika wa ku hotela, komanso amayi achikulire odziwa kufulula ndi kuphika thobwa, mawu awo akhale ndi mphamvu yofanana. Aliyense wobweretsa chakumwa, wopambana ndi wolephera yemwe, apite kwawo ndi pepala lolembedwa m'chinenero chake, lonena za mtundu, fungo, kakomedwe ndi chimene akonze. Pepalalo ndilo phindu lenileni la tsikulo, kuposa chikho.

Palinso nkhani ya mitengo. Mu 2008 mayiko a European Union analola kuti ufa wa malambe uzigulitsidwa kumeneko ngati chakudya, ndipo kuchokera pamenepo malambe a m'midzi ya kuno akhala akufunidwa ndi ogula akunja. Koma wotola amalandira zochepa chifukwa amagulitsa chipatso chosakonza. Bwemba ndi masau alibe ngakhale mwayi umenewo, ndipo mitengo yake imathera m'mauvuni a makala. Banja limene likudziwa kuti gulu lopanga juwisi lidzagula bwemba wake chaka ndi chaka limaganiza kawiri lisanatenge nkhwangwa.

Ndalama zoyambira si zambiri. Pakufunika bwalo, matebulo, madzi aukhondo, matambula, mapepala osindikizidwa ndi thiransipoti ya oweruza. Makhonsolo a Balaka ndi Machinga ali ndi maofesi a zamalonda ndi a zaulimi amene amadziwa kale magulu a amayi ndi makopaletivi opanga juwisi ndi jamu. Ntchito yoyamba ndi kulemba mayina a maguluwo mvula isanagwe ndi kuwaphunzitsa ukhondo wa zigubu ndi kayezedwe ka shuga mango asanapse, chifukwa vinyo amene adzalawidwe mu Julayi ayenera kulowa m'chigubu mu Disembala. Kenaka makhonsolo awiriwo agwirizane Loweruka limodzi, alengeze tsikulo pa wailesi za m'madera, ndipo aitane mafumu, mashehe ndi abusa kudzaona ndondomeko yake isanasindikizidwe.