Galamala ya Chingerezi iyambire pa Chichewa

Mwana angakhoze bwanji masamu ndi sayansi, akalakwa Chingerezi a MANEB sampatsa satifiketi ya MSCE. Lamulo lake ndi lomwelo: maphunziro 6, Chingerezi chikhalepo. Nanga bwanji phunziro lofunika chonchi tikuliphunzitsa moloweza ngati nyimbo?

Afunseni ana kuti "verb" n'chiyani, ayankha onse pamodzi. Auzeni alembe kalata yofunsira ntchito, thukuta kamukamu.

Chonsecho galamala ali nayo kale m'kamwa. "Mayi agula tomato." Mwininkhani, mneni, pamtherankhani. Chingerezi chimayendanso momwemo. Aphunzitsi ayambire pamenepo, kenaka aloze pamene zinenero ziwirizi zasiyana. Kwa ife "iye" ndi mwamuna ndi mkazi yemwe, n'chifukwa chake mnyamata wa Fomu 4 amatchula mlongo wake kuti "he". Timawu ta "a" ndi "the" ife tilibe. "Ndinapita" ndi liwu limodzi, pomwe Mngerezi amafuna "I" payekha, ndiye "go" uja n'kusanduka "went". Zimenezi n'zofunika kufotokoza bwinobwino, m'Chichewa momwe ngati mwana sakumva.

M'malo mwake sukulu zina zimalanga wolankhula Chichewa, ati Chizungu chilowe msanga. Mwanayo amangotseka pakamwa basi.

Inu amalonda a mumsika wa Limbe ndi Lilongwe, fizi mumalipira ndi ndalama za kaunjika. Madzulo ano muuzeni mwana wanu alembe ziganizo zitatu za Chingerezi zonena zomwe mwagulitsa lero. Zikamuvuta, kope lomwelo mupite nalo kwa ahedi.