Mkuyu wa PS5 Pro ndi nyerere zake

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mwambiwu ndikuupereka kwa abale anga amene amadyetsa mabanja ndi timashopu ta magemu ku Kanyama, Chawama ndi Matero, makamaka amene mtima wawo wagwa pa PlayStation 5 Pro.

Makinawa ndi okongola ndithu, ndipo zithunzi zake zimawala kuposa za PS5 wamba. Sony inawatulutsa mu November 2024 pa madola 699. Nthawi imeneyo dola imodzi inkaposa K26, ndiye kuti ndalama zake zinkapitirira K18,000 katunduyo asanakwere ndege, a ZRA asanadulepo msonkho. Koma nyerere zenizeni zili m'bokosi: mulibe polowetsera disiki. Ukapafuna, ukagule padera ndi madola ena 79.

Nkhaniyi inayamba mu 2020, pamene PS5 inabwera mitundu iwiri, ya disiki pa madola 499 ndi yopanda disiki pa 399. Wa ku London, amene intaneti ya m'nyumba mwake siitha, akhoza kusankha yotchipayo. Nanga wa m'komboni? Gemu imodzi ya mpira, ija ana akuitchulabe FIFA ngakhale inasintha dzina n'kukhala EA Sports FC mu 2023, imadya magigabayiti makumimakumi. Uikokere ndi bandulo ya pa foni, magetsi n'kuzima ili pakati! Tonse tinaona m'chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, mmene makomboni ankakhalira mumdima pafupifupi tsiku lonse. Komanso gemu yogula pa intaneti imamangika ku akaunti yako. Sungaigulitse, sungasinthane ndi mnzako wa ku komboni ya George. Disiki umaigula kwa munthu amene watopa nayo, ndipo tsiku limene landilodi wagogoda umaigulitsanso. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Lowani m'kashopu kamodzi Loweruka masana. Ana adzaza pa benchi, ena akusuzumira pakhomo, makobidi ali m'manja. Wogonja akupereka padi kwa wotsatira uku akudandaula kuti batani likukanirira. Palibe mwana amene amafunsa ngati udzu wa m'bwalo ukuoneka bwino. Amafunsa ngati padi ili bwino ndi ngati magetsi alipo. Ndipo kukoma kwa Pro kumaonekera pa TV ya 4K, imene ambiri mwa ife tilibe.

Zimandipweteka kuona munthu akutenga kaloba kuti shopu yake itchuke sabata imodzi. Amene ali ndi PS4 yoyenda bwino asaichitire manyazi. Amene wasunga ndalama agule PS5 ya disiki, zotsalazo zipite ku mapadi awiri apadera, batire ndi invata, kuti magetsi akazima ana a shopu zinazo azibwera kwa iye.