Kodi Khanda Limadziwa Chabwino ndi Choipa?

Omvera athu a kwa Kaomba, makamaka inu amayi amene mukusankha fodya m'chigafa muli ndi khanda kumbuyo, mverani za akatswiri atatu a ku Yale ku America, Hamlin, Wynn ndi Bloom, amene m'chaka cha 2007 anaonetsa makanda a miyezi 6 ndi 10 kachidole ka thabwa kakulephera kukwera phiri, kena kakukathandiza pokakankhira kumtunda, ndi kenanso kakukagwetsera pansi; ndipo pamene zidolezo zinaikidwa patsogolo pao, pafupifupi makanda onse anatambasulira dzanja kwa kothandizako. Ambiri anakondwera, nati munthu amabadwa ndi chikumbumtima.

Koma mlandu sugamulidwa ndi mboni imodzi. Pamene magulu 37 a ofufuza a m'maiko osiyanasiyana anabwereza ntchitoyo pa makanda oposa 1,000, zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2024, zinaonetsa kuti theka linasankha kothandiza, theka kopinga.

Ine ndiyamika amene anabwerezawo, pakuti khanda silingadzinenere lokha, ndipo dzanja lake likhoza kutsata mtundu wowala kapena chidole chodumphadumpha, pamene ife akulu, pofuna kuona chilungamo mwa ana athu, tithamangira kulemba kuti laweruza.